Kagalu Kakafika pa Khomo, Ana Apatsidwe Nchito

M'midzi ya m'boma la Chongwe, dziko la Asoli, makomo ambiri ali ndi galu. Galu ndiye mlonda wa nkhokwe ndi wa khola la mbuzi. Koma ngakhale mwini wace amakhala tate wa banja, amene amacezera naye tsiku lonse ndi ana. Ndiwo amasewera naye, ndiwo amapita naye kubusa, ndiponso ndiwo amayamba kulumidwa zinthu zikalakwika. Cifukwa cace nkwanzeru kuti kagalu kakangofika, makolo agawire anawo nchito ndi kuwauza zoopsa zace.

Banja lina la alimi a cimanga kufupi ndi Chalimbana linatsata njira imeneyi. Tate anatenga kagalu kwa mlamu wace katakwanitsa masabata 8, pakuti kosafika msinkhu umenewo sikayenera kucotsedwa kubere. Ana atatu a m'nyumbamo anayamba kukalimbirana, yense nati nkace. Ambuya ao, potsata mwambo wopatsa agalu maina onena za kukhosi, anakacha Tiyanjane, ndipo anawo anamva okha kumene dzinalo linali kuloza.

Madzulo omwewo mai anagawa nchito. Mtsikana wa zaka 10 anapatsidwa ya cakudya: phala kapena nsima yofewa yosakaniza ndi kapenta wosinja, katatu pa tsiku, ndi madzi oyera m'mbale yaceyace. Wamng'ono wa zaka 6 anauzidwa kusesa pogona pace, kukung'untha thumba logonapo ndi kuitana akulu akaona nkhupakupa m'makutu mwace. Mnyamata wa zaka 13 ndiye anatenga nchito yophunzitsa.

Lamulo la pa khomopo linali lakuti kagaluko kasamenyedwe. Mnyamata uja sanamvetse. "Atate, nanga kakagwira mwanapiye ndingokayang'ana?" anafunsa motero. Iwo anayankha kuti: "Iai mwana wanga. Galu womenyedwa amaphunzira kuopa dzanja, ndipo galu wamantha ndiye amaluma. Kamange cingwe, uyende nako pakati pa nkhuku. Kakafuna kuthamangitsa unene kuti leka, kakamvera ukapatse kambamu ka nsima." Mnyamatayo anacita zimenezi m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu, ndi mau amodzimodzi osasinthasintha. Pofika nthawi yokolola, Tiyanjane anali kugona pabwalo anapiye akutola zakudya pambali pace. Akulu akale sananame ponena kuti kuongola mtengo mpoyamba.

Kagaluko katakwanitsa miyezi 3, tate sanapite yekha kwa alangizi a ziweto. Anatenga ana onse atatu kuti akaone ndi maso ao kakubayidwa katemera wa ciwewe, ndipo cikalata cace cinasungidwa pamodzi ndi makadi a ku sikelo. Lamulo la dziko lino lochedwa Control of Dogs Act limafuna kuti agalu azibayidwa katemerayu, ndipo alangizi amauza mwini galu nthawi yobwerezanso.

Ciwewe si matenda ocita nao cibwana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kuti anthu pafupifupi 59,000 amafa nao caka ciliconse, makamaka muno mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa ciwewe, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kacirombo kace kamakhala m'malovu, ndipo kakalowa pa bala kamayenda m'mitsempha kufikira ku ubongo. Zizindikiro zikaoneka, monga kuopa madzi, palibenso mankhwala ociritsa. Cipulumutso cili m'kufulumira.

Paulendo wobwerera, tate anauza anawo kuti aliyense wolumidwa kapena kukandidwa ndi galu anene msanga, ndipo analonjeza kuti sadzakwapulidwa ngakhale atakhala kuti anaputa yekha. Lonjezo limeneli linaoneka phindu lace m'mwezi wa October. Wamng'ono uja, pokhala wozolowera Tiyanjane, anafuna kusisita galu wacilendo amene anali kuzungulira pa citsime, ndipo galuyo anamluma pa dzanja nathawa. Balalo linali laling'ono, losavuta kubisa m'malaya. Koma mwanayo anathamangira kwa amace nati: "Amama, galu wosadziwika wandiluma." Iwo anatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathirapo mankhwala a zitsamba, ndipo tsiku lomwelo anakafika naye ku cipatala kumene anayamba kulandira nyeleti. Anamaliza zonse pa masiku amene anamwino anachula. Galu uja sanaonekenso, kotero kuti palibe amene akanatsimikiza ngati anali wabwino.

Nyeleti zoterezi zinayamba ndi mwana. M'caka ca 1885 Louis Pasteur wa ku France anabaya katemera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu waciwewe, ndipo anapulumuka. Kuyambira mu 2007 maiko amakumbukira matendawa pa 28 September, tsiku limene Pasteur anamwalira, ndipo anagwirizana zoyesetsa kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi ciwewe cocokera kwa agalu. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 aliwonse a m'dera akabayidwa, matendawa amasowa podzera.

Cimenecitu sicingatheke ndi alangizi okha, pakuti m'midzi yambiri wogwira galu ndi kumkokera pamalo a katemera amakhala mwana, ndipo galu amalola kugwidwa ndi amene amamdyetsa. Tsono makolo a ku Chongwe, kagalu kakalowa pa khomo, patsani mwana aliyense nchito yolingana ndi msinkhu wace, sungani cikalata ca katemera, ndipo mwana wonena kuti walumidwa mumlandire ndi sopo ndi madzi, osati mkwapulo.