Woyamba kuseka ndinali ine

Anzanga a Fomu 3 mukuikumbukira nkhaniyi, ndiye sindibisa. Teremu yatha, pa mapemphero a Lolemba m'mawa, mtsikana wina wa Fomu 1 anauzidwa kuti ayambitse nyimbo. Anayambira pamwamba kwambiri, mawu n'kuthyokera panjira. Woyamba kuseka ndinali ine. Mzere wonse wakumbuyo unalandira, ndipo mnzathuyo anakhala pansi nyimbo isanathe. Kuyambira tsikulo sanaimenso kutsogolo.

Pa holide ndinkathandiza amalume kuyanika matemba ku Kachulu. Madzulo tinkathithikana m'kanyumba ka vidiyo, ndipo mpira usanayambe ankationetsa mipikisano yoimba ya pa TV. Tsiku lina anaika Britain's Got Talent ya mu 2009. Panatulukira mayi wa zaka 47, Susan Boyle wa ku Scotland, woimba kutchalitchi kwawo. Atanena kuti akufuna kukhala woimba weniweni, kamera inaloza mtsikana wina pakati pa oonerera, nkhope itakwinyika monyoza. Mayi uja atangoyamba kuimba, holo yonse inaimirira. Ifenso tinakuwa ngati chalowa chigoli. Asodzi anayamba kumunena mtsikana wonyozayo, eti achite manyazi. Ine ndinangoti ziii. Nkhope imene ija ndinkaidziwa bwino.

Koma pobwerera kunyumba china chinandivuta. Anthu aja anaomba m'manja chifukwa mayiyo anaimba bwino. Nanga akanaphonya? Bwenzi atamuseka mpaka kutuluka, popanda womva chisoni. Pa TV amakulimbikitsa ukayamba wawasangalatsa. Ngakhale ku The Voice, kumene oweruza amafulatira kuti asaone nkhope ya woimba, mpando umatembenukira wa mawu okoma yekha. Tsono mnzathu uja si Susan Boyle ayi. Anaphonyadi, tonse tinamva. Wotereyu amulimbikitse ndani?

Ndinawafotokozera agogo anga aakazi, amene ndi a Mvano. Anandiuza kuti nditsegule Machitidwe 15 ndiwawerengere, poti maso awo anatopa. Yohane Marko anawasiya Paulo ndi Barnaba pakati pa ulendo, ku Pamfuliya. Pokonza ulendo wachiwiri, Paulo anakana kumutenganso. Kunena zoona, Pauloyo ndikumumvetsa; munthu wokuthawa pakati pa nyanja sumufunanso m'bwato. Koma Barnaba anaumirira, mpaka akuluakulu awiriwa anakangana n'kusiyana njira. Barnaba anamutenga Marko kupita naye ku Kupro. Nthawi imeneyo Marko anali asanasonyeze chilichonse chabwino, mbiri yake inali yothawa basi. Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti pobwera atenge Marko, chifukwa amamuthandiza pa ntchito. Onani nokha pa 2 Timoteo 4:11.

Nditamaliza agogo anangoti, "Iwe, nyanjayi inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018. Kodi amalume ako anawaza bwato kukhala nkhuni?"

Sabata yatha ndinamupeza mtsikanayo pa mjigo. Mawu onse amene ndinakonza usiku anandithawa. Ndinangoti, "Chemwali, tsiku lija ndinalakwa, pepani. Nyimbo ija mukanaiyambira pansi pang'ono, inatheka." Anati "Chabwino" osandiyang'ana, n'kusenza chidebe chake. Ndinamuuzanso kuti kukwaya tikusowa a alto, timaphunzira Lachitatu tikaweruka. Sanayankhe.

Lachitatu lapitali sanabwere. Sindikumudandaula, ine ndikanakhala iyeyo mwina sindikanayankhanso moni.

Tsono inu amene tinaseka limodzi, mukudzidziwa, mayina sinditchula. Tsiku limene adzaimenso kutsogolo, kaya wina aliyense wa Fomu 1, mawu akadzayamba kunjenjemera tidzangoilandira nyimboyo kumbuyoko, tiimbe naye mpaka ithe. Ndipo a kwaya, malo a kumapeto kwa benchi yachiwiri, pafupi ndi windo, pasakhale munthu Lachitatu likubwerali.