Saini Yachitatu

Chikalata chija chidakhomedwa pa bolodi la zidziwitso Lolemba m'mawa, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro chidali chitada ndi zala za ophunzira. Chidanena kuti yunivesite ina ya ku Germany idapereka malo awiri kwa ophunzira a pa yunivesite yawoyo kuti akaphunzire kumeneko semesita imodzi, kuyambira mwezi wa Okutobala. Ambiri adawerenga mizere itatu yoyambirira yokha, nayamba kulota ndege ndi chipale chofewa. M'munsi mwake mudali mndandanda wa malamulo olembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo owerengeka okha ndiwo adawerama kuti awaone.

Mmodzi mwa owerengekawo adali mtsikana wina wa chaka chachitatu, wochokera kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza, amene amaphunzira sayansi ya zachilengedwe. Iyeyu sadali wonyada ngakhale wolongolola, koma m'kalasi adali katswiri. Adakopera malamulo onse m'kope lake, nakakhala pansi pa mtengo kuti awasinkhesinkhe limodzilimodzi. Atamaliza adazindikira kuti nzeru za m'kalasi zidangomufikitsa pakhomo, ndipo kuti adali ndi masabata anayi okha oti atsekule zitseko zotsalazo.

Mwayi woterewu uli ndi mbiri yake. M'chaka cha 1987 maiko a ku Ulaya adakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Erasmus, dzina lokumbutsa Desiderius Erasmus wa ku Rotterdam, munthu wophunzira amene zaka mazana asanu zapitazo adayendayenda m'maiko ambiri kufunafuna nzeru. Cholinga chidali chakuti wophunzira azitha kuchoka pa yunivesite yake kwa kanthawi, n'kukaphunzira kwina, kenaka n'kubwerera popanda kutaya chaka. Mu 2014 ndondomekoyi idakulitsidwa n'kutchedwa Erasmus+, ndipo kuyambira 2015 idatsekukira mayunivesite a kunja kwa Ulaya, a mu Africa momwe. Komabe munthu sangangodzuka n'kupempha payekha. Pamayenera kukhala pangano losainidwa pakati pa mayunivesite awiriwo, ndipo yunivesite yotumiza ndiyo imasankha ana ake. Wosankhidwayo salipira fizi kumene akupitako, koma amakhalabe wophunzira wa kwawo, womangidwa ndi malamulo a kwawo.

Malamulo ena sadamuvute mtsikanayu. Zaka ziwiri zoyambirira adali atamaliza popanda kubwereza phunziro lililonse, ndipo malikisi ake adapitirira mlingo umene udaikidwa. Aphunzitsi awiri adavomera kumulembera makalata omuchitira umboni. Ofesi ya mlembi wamkulu idapereka kalata yotsimikiza kuti maphunziro ake onse adachitika m'Chingerezi, ndipo zimenezi zidamupulumutsa ku mayeso a IELTS amene mtengo wake sakadaukwanitsa. Pasipoti adali nayo kale, chifukwa kwaya ya mpingo wawo idapitapo ku Chipata.

Mwala woyamba adaupunthwa pamene adapita kukatenga chikalata cha zotsatira za mayeso ake. Mayi wa pa zenera adayang'ana pa kompyuta, napukusa mutu.

"Achemwali, muli ndi ngongole ya fizi ya semesita yatha. Chikalatachi sichituluka mpaka mutamaliza kulipira."

"Amayi, ndithandizeni. Ndikungofuna kulemberako mwayi wa ku Germany uja."

"Ndakumvani, koma lamuloli sindidaike ndine."

Lachisanu lomwelo adakwera minibasi ya ku Dedza. Bambo ake adamwalira iye ali Folomu 2, choncho nkhani yotere mwini wake adali amalume ake, mlimi wa mbatatesi amene sadapitirire Sitandade 6. Mkuluyo adamvetsera mwakachetechete atakhala pa mpando wa ndalema, ndipo funso lake loyamba silidali la ndalama.

"Kodi mwanawe, azunguwo akakuona kuti uli ndi mutu, adzakubweza?"

"Adzandibweza, amalume. Digiri yanga ili konkuno. Ndikapanda kubwera ndiye kuti zaka zitatu zonsezi zapita m'madzi."

Funsolo lidali lanzeru kuposa mmene mtsikanayo adaganizira. M'midzi yambiri ya kumeneko muli makomo amene ana ake adapita ku Joni akulonjeza kubwera pakutha pa chaka, ndipo mpaka lero anthu akungoyang'ana kumsewu. Ndondomeko yosinthana ophunzira idamangidwa mokana khalidwe lotero. Kuyambira 2021 malamulo a Erasmus+ amalola wophunzira kukhala kunja pakati pa miyezi iwiri ndi miyezi 12, ndipo satifiketi yake imachokera ku yunivesite imene idamutumiza. Amalumewo atamva zimenezi adagulitsa mbuzi zitatu ndi matumba a mbatatesi amene amasungira mbewu. Amene adalimapo adziwa kulemera kwa nsembe imeneyo, pakuti kugulitsa mbewu n'kudya chaka chamawa.

Ngongole itatha, mtsikanayo adaganiza kuti phiri walikwera. Sadadziwe kuti lalikulu lidali patsogolo, m'chikalata cha masamba ochepa chotchedwa Learning Agreement. M'chikalatachi wophunzira amalemba maphunziro amene akawatenge kunja, ndipo pambali pake amalemba maphunziro a kwawo amene alowedwe m'malo ndi akunjawo. Pamafunika masaini atatu: ya wophunzira, ya yunivesite yolandira ndi ya yunivesite yotumiza. Ku Ulaya ntchito ya wophunzira amaiyeza ndi makrediti a ECTS. Chaka chathunthu chimakwana makrediti 60, semesita imodzi 30, ndipo krediti iliyonse imaimira maola a pakati pa 25 ndi 30 a kuphunzira, kuwerengera za m'kalasi, za mu labotale ndi zowerenga payekha. Kufananitsa muyeso umenewu ndi wa kwawo ndi ntchito yofuna kudekha, monga kusintha malita kuti akhale zidebe.

Iye adasankha maphunziro asanu amene adamukopa mtima, nasaina. A ku Germany adayankha pa intaneti tsiku lachitatu kuti zonse zili bwino. Idatsala saini ya mkulu wa dipatimenti, bambo wa imvi amene ophunzira amamuopa chifukwa cha kuchepa kwa mawu ake. Adawerenga pepalalo kawiri, nalibweza osasaina.

"Phunziro la sayansi ya nthaka lili kuti?"

"Kumeneko kulibe lofanana nalo, bwana."

"Ndiye kuti sindingasaine."

Adatuluka mu ofesimo misozi ili m'maso. Usiku umenewo adauza anzake a m'chipinda kuti mkuluyo ndi wanjiru, ndipo iwo adavomereza msanga, monga achitira anthu ofuna kutonthoza mnzawo. Kunena zoona, mawu akuti njiru amathamangira pakamwa nthawi zonse pamene wamkulu wakana chinthu, ndipo nthawi zina amakhala oona. Pano sadali oona. Phunziro la nthakalo lidali la mokakamiza, limaphunzitsidwa kamodzi kokha pa chaka, ndipo popanda ilo munthu saloledwa kuyamba maphunziro ena a chaka chachinayi. Mkuluyo akadasaina mwachisoni, mtsikanayo akadanyamuka akusekerera, n'kudzapeza pobwera kuti anzake apita patsogolo iye atsala chaka chathunthu, chaka chofuna fizi ina, pamene khola la amalume lidali litapepuka kale.

Patapita masiku awiri adabwereranso, tsopano osati kukapempha saini koma kukafunsa chochita. Safunsa adadya phula. Mkuluyo adamukhazika pansi, natulutsa mu kabati ndondomeko ya phunziro la nthakalo, masamba anayi ofotokoza mitu ya sabata iliyonse. Adamuuza za mnyamata wina wa zaka zam'mbuyo amene adapita kunja pepala lake lisadakonzedwe bwino, nabwera ndi malikisi okongola amene komiti ya mayeso idalephera kuwaika paliponse. Kenaka adati, "Dzina la phunziro lisakunamize, mwanawe. Yang'ana zimene zili m'kati mwake."

Adatha masiku anayi mu laibulale akuwerenga kabukhu ka maphunziro a yunivesite ya ku Germany ija, tsamba ndi tsamba. Zambiri zidali m'Chijeremani, ndipo zophunzitsidwa m'Chingerezi zidali zochepa. Pomaliza adapeza phunziro lina m'dipatimenti ya jogalafe, la dzina losiyana kotheratu, koma lokhudza kapangidwe ka nthaka, michere yake, kukokoloka kwake ndi kayezedwe kake mu labotale. Adajambula mizere pa pepala, mitu ya kwawo kumanzere, ya kunja kumanja, ndipo yambiri idagwirizana. Idasowa mbali imodzi yokha, ya nthaka za kumadera otentha monga katondo ndi makande, zimene mphunzitsi wa ku Ulaya sakadakhala nazo nthawi. Kuti phunzirolo lilowe, adayenera kuchotsa limodzi mwa asanu aja, ndipo lidachoka ndi lomwe adalikonda koposa, la nyanja ndi zamoyo zake.

Mkulu wa dipatimenti adayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Adalemba m'munsi kuti mbali yosowayo mtsikanayo adzailembera ntchito yapadera akadzabwera, asanayambe chaka chachinayi. Atatero adasaina, nadinda chidindo. Envulopu idalowa mu ofesi yoona za maubale ndi maiko akunja tsiku lomaliza, ola limodzi asadatseke. Ena amene adali ndi malikisi oposa ake adafika ndi mapepala osakwana, ndipo adabwezedwa pakhomo pomwepo.

Mayina atatuluka, lake lidali lachiwiri. Mapepala sadathere pomwepo. Popeza amakakhala masiku oposa 90, viza wamba ya Schengen sidali yokwanira, ndipo adafunika viza ya nthawi yaitali ya dziko la Germany. Adafunikanso inshuwalansi ya zaumoyo, imene popanda iyo yunivesite za kumeneko sizilembetsa wophunzira, ndi umboni wakuti adzatha kudzisamalira. Kuyambira Seputembala 2024 boma la Germany lidaika ndalamazo pa mayuro 992 pa mwezi, chuma chimene mbuzi za mudzi wonse sizikadakwanitsa. Kalata ya thandizo la ndondomekoyo, pamodzi ndi ina ya yunivesite yomulandira, ndizo zidamuyankhira.

Sabata yomaliza adapita kumudzi kukatsanzika. Mayi ake adamukazingira mtedza ndi kumupatsa chitenje chatsopano, akudandaula kuti amva zoti kumeneko dzuwa limalowa anthu asadaweruke ku ntchito. Amalume ake adamuperekeza mpaka pamsewu wa tala, atanyamula chikwama pa njinga. Minibasi itaonekera patali, adafunsa osamuyang'ana.

"Wati ubwera liti?"

"Mwezi wa Malichi, amalume, mayeso akangotha."

Mkuluyo adawerenga miyezi pa zala zake, nagwedeza mutu.

"Ndiye kuti chimanga chachiwisi uchipeza."