Ulendo wa pa Nyanja ndi Agalu Awiri

Makolo athu anati, "Walira mvula walira matope." Munthu wofuna kuyenda ndi galu wake pa madzi ayenera kulandiranso ntchito zonse zimene galuyo adza nazo. Galu sadziwa za mphepo kapena za ng'ona. Iye angotsata mbuye wake, ndipo moyo wake uli m'manja mwa mbuyeyo. Zimenezi ndinaziona pamene ine ndi mlamu wanga, amene ali msodzi, tinayenda m'mbali mwa Nyanja ya Malawi kuchokera ku Monkey Bay kufikira ku Nkhotakota. Tinali m'boti laling'ono la matabwa, la injini imodzi, pamodzi ndi agalu anga awiri, Kambuku ndi Tilekeni.

Poyamba tinasankha nyengo. Mphepo ya mwera imaomba kolimba kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti, ndipo imautsa mafunde aakulu. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anamwalira. Ngati sitima yachitsulo inagonja, nanga boti la matabwa? Boti likapendeka munthu angathe kugwira chingwe, koma galu alibe manja. Chifukwa chake tinadikira mwezi wa Okutobala, pamene nyanja imachita bata masiku ambiri.

Koma Okutobala ndiwo mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Galu sachita thukuta monga ife. Iye amadziziziritsa pakupuma wefuwefu, lilime liri kunja. Tsono tinamanga chiguduli kutsogolo kwa boti kuti chikhale mthunzi wao, ndi kuwaikira mbale ya madzi. Tinali kunyamuka mbandakucha, ndipo pofika dzuwa pamutu tinali titakocheza kale.

Galu woleredwa bwino safuna kudetsa pogona pake, chotero tinali kutsikira pa mtunda kawiri kapena katatu tsiku liri lonse. Posankha gombe panafunika nzeru. Ku Cape Maclear, kumene kuli malo osungirako zolengedwa okhazikitsidwa mu 1980, agalu sanachoke pa chingwe, kuopa kuti angathamangitse anyani ndi akatumbu. Titaoloka kunka ku Salima, tinayandikira pamene mtsinje wa Linthipe uthira m'nyanja. Agalu poona mtunda anayamba kulira ndi kuimika miyendo pa mphepete pa boti. Mlamu wanga anati, "Alamu, agwireni pakhosi agaluwo. Pa bango lotere ng'ona sisowa, ndipo nyama ya galu imaikonda." Tinayenda ola lina lathunthu, iwo akulirabe, kufikira tinapeza gombe la mchenga woyera pamene amayi anali kutsuka mbale.

Pa mudzi uli wonse tinali kuyamba taonekera kwa mfumu, nditanyamula kalata yosonyeza kuti agalu anga anabayidwa katemera wa chiwewe. Nthenda imeneyi ikayamba kuoneka mwa munthu ilibe mankhwala, chotero anthu salakwa akaopa galu wachilendo. Ndiponso pa gombe pamakhala usipa woyanikidwa pa thandala, umene uli chuma cha mwini wake. Galu wa mlendo akaudya, mlandu ndi wa mlendoyo. Ife tinali kuwamanga pa mtengo ndi kuwapatsa nsima ndi nsomba yochotsa minga, kuti njala ingawasandutse akuba.

Kapena wina afunsa kuti, "Kodi sikukadakhala bwino kuwasiya kunyumba?" Zoonadi, basi ikadatifikitsa ku Nkhotakota tsiku limodzi, pamene ife tinatha masiku 6. Koma chifukwa cha agaluwo tinaima pa magombe amene apaulendo amangowapitirira. Ana ndiwo anali kuyamba kufika kudzaona agalu okwera boti, pambuyo pake akulu omwe, ndipo macheza anali kuyambira pomwepo. Potero tinamva kwa eni ake kumene kuli miyala yobisika m'madzi, ndi m'mene asodzi amakopera usipa ndi nyali usiku asanaponye chilimira. Nawonso agalu anatibwezera zabwino. Usiku wina pafupi ndi Chia anatidzutsa ndi kuuwa, ndipo tinaona mvuu ikutuluka m'madzi kudzadya msipu chapafupi ndi pamene tinagona. Tinasonkheza moto, iyo nkubwerera.

Tsono inu owerenga, mukafuna kutenga galu wanu m'bwato kapena m'boti, yambani mwam'bayitsa katemera. Dikirani kuti mwera uleke. Mumkonzere mthunzi ndi madzi, ndipo musamlole kusambira pa bango kapena pamene mtsinje uthira m'nyanja. Musawerenge ulendo wanu monga mwa mphamvu ya injini, koma monga mwa mphamvu ya chiweto chimene chakukhulupirirani.