Onga Woyenera Mfuti Yake

Ine ndinabadwira m'dziko la Mfumu Mlolo kuno ku Chadiza, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo luso lokonza mfuti za gogodera ndinalilandira kwa malume anga, amene anandikhazika pa mvukuto ndikali mnyamata, nandiletsa kukhudza nyanga ya onga kufikira madzinja atatu atapita, pakuti iwo ankati wosula amene sadziwa ukali wa onga akusulira mnzake manda.

Mfuti zotere zinafika kuno kalekale pamapewa a Achikunda, osaka njovu ochokera ku Tete. Ndipo pamene maufumu a Azungu anapangana ku Brussels m'chaka cha 1890 kuti mfuti zamakono zisagulitsidwe mwachisawawa m'maiko athu ano, anangolola mfuti zachikale ndi onga wakuda wamalonda. N'chifukwa chake makolo athu anakalamba ndi onga umenewo, naudziwa monga mayi adziwira ufa wake.

Onga wakuda suli mtundu umodzi ayi. Ulipo wokhakhala ngati misere, umene umayaka modekha ndipo umayenera mfuti ya kamwa lalikulu; uliponso wosalala ngati mchenga wa kumtsinje, wofulumira kuyaka, umene tinkausankhira timfuti ta kamwa laling'ono tosakira nkhanga ndi agwape. Malume ankathira pang'ono pachikhatho, naufikisa ndi chala, nauyang'anitsitsa padzuwa. Ukabalalika bwino ankagwedeza mutu movomera, koma ukaumbika timibulu, kapena kusiya mwaye wochuluka pakhungu, ankangoti, "Mphwanga, uwu wamwa chinyezi, nguluwe idzakuseka." Pachifukwa chomwecho nyanga ya onga inkapachikidwa pouma, patali ndi moto, ndipo mfuti ikalira tinkaitsuka ndi madzi otentha tsiku lomwelo, poti mwaye wa onga wakuda umaitana dzimbiri usiku umodzi wokha.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi onga wopanda utsi wa m'zipolopolo zamakono, umene Mfalansa wina, Paul Vieille, anautulukira mu 1884. Onga umenewu, ngakhale uoneke wochepa ndi wofatsa, uli ndi mphamvu yoposa kutalitali imene chitsulo cha gogodera chingapirire. Ndipo ngakhale amisiri akunja amene amadzaza okha zipolopolo za mfuti zing'onozing'ono sauyerekeza ndi maso, koma amauyeza pasikelo motsata mabuku a oupanga, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi liwiro lake la kayakidwe.

Tsiku lina kunafika mnyamata pachipala changa, mfuti ya agogo ake ili paphewa, atafumbata onga wotere m'kachitini, nandipempha kuti ndimuonetse muyezo. Ndinayamba ndamufunsa za chilolezo cha boma, pakuti mfuti yopanda chilolezo sindiikhudza, kenaka ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, safunsa anadya phula, ndipo iwe wachita bwino kufunsa, koma onga uwu m'mfuti iyi usalowemo ngakhale kambewu kamodzi." Anachoka nkhope ili gwa. Patapita mwezi amayi ake anabwera nayo mfutiyo itakulungidwa m'chiguduli, chitsulo chake chitang'ambika ngati nsungwi youma, nandiuza kuti zala ziwiri za mwanayo zinatsala kumunda kumene ankalondera chimanga. Mfutiyo ndinaipachika pamwamba pa khomo la chipala, ndipo aliyense wobwera kudzafunsa za onga ndimayamba ndamuimika pansi pake.