Tupa ndi Digiri

Chainsaw ya amalume, Stihl yakalekale, ndiyo inandilipirira sukulu. Tsono nditamva kuti yayamba kulira mwaulesi, ndinathamangira ku Shikoswe, digiri yanga ili m'mutu.

Ndimaphunzitsa sayansi. Ndikudziwa kuti flywheel ikamazungulira, maginito ake amadutsa pa koyilo, pulagi n'kuthetheka moto pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Pa YouTube ndinaona kuti ukapala kakiyi ka flywheel, moto umabwera msanga ndipo injini imawonjezera mphamvu.

"Amalume, ndipatseni tupa."

"Aphunzitsi, makinawa ndiwo munda wanga," anatero. Komabe anandipatsa.

Ndinapala mopitirira muyeso. Nditakoka chingwe, chinabwerera mwaukali, zala zanga n'kuchita dzanzi. Moto unayaka msanga kwambiri, n'kukankhira pisitoni m'mbuyo. Kakiyi kopala sikabwezeka. Amalume anakhala masiku atatu osacheka matabwa, ine ndikusaka flywheel ina ku Lusaka ndi malipiro anga.

Nditabwera nayo, sanandikalipire. Anachotsa pulagi yodzaza mwaye, kuipukuta, n'kuika mpata wake pa mamilimita 0.5. Pakati pa koyilo ndi maginito analowetsapo kakhadi kapepala, kumanga masikuluwu, n'kukasolola. Petulo anasakaniza ndi oyilo, 50 kwa 1. Atakoka kawiri, agalu a m'komboni anayamba kuuwa.

Matenda onse anali pulagi.

Lolemba ndinaphunzitsa za maginito choko chili kumanzere. Mwana wina anafunsa za zala zotupazo. Ndinamuuza zonse.