Maulalo a Pamwamba pa Mitengo Akopa Alendo

M'dziko la Ghana, pafupi ndi mzinda wa Cape Coast, muli nkhalango yowirira yochedwa Kakum. Kale anthu oceka matabwa anali kugwetsamo mitengo ikulu-ikulu, koma mu 1992 boma linaika nkhalangoyi pansi pa citetezo cace.

M'caka ca 1995 munatsegulidwa njira yodabwitsa ya maulalo 7 a zingwe ndi matabwa, omangidwa kucokera pa mtengo wina kufika pa unzace. Onse pamodzi atalika mamita pafupifupi 350, ndipo pena alenjekeka mamita 40 kucokera pansi. Ulalo uli wonse ndi wopapatiza, wokwana munthu mmodzi, ndipo ugwedezeka akaupondapo. Ukonde wa m'mbali ndiwo ucinjiriza woyendayo kuti angagwe. Olimba mtima aona mbalame ndi agulugufe kumene mlenje woyenda pansi sangafike.

Alendo alipira pa cipata, ndipo anthu a m'midzi yozungulira apeza nchito yowaperekeza ndi kuwagulitsa zakudya ndi zosema.

Maiko enanso ali ndi njira zotere. Ku Valley of the Giants, m'dziko la Australia, mapazi a alendo anali kuononga mizu ya mitengo ya tingle, imene siizama m'nthaka. Motero mu 1996 anamanga njira ya zitsulo ya mamita 600 kuti anthu adzidzera pamwamba. Dziko la Rwanda linamanga yace m'nkhalango ya Nyungwe mu 2010.

Mtengo wogwetsedwa ugulitsidwa kamodzi cabe, koma woimirira ubweretsa ndalama caka ndi caka.