Kodi Kuyamwitsa N'kophunziranso?

Pakati pa mabanja achinyamata a m'mipingo mwathu pabuka funso limene ambiri aliyesa lopepuka. Mayi woyembekezera akapita ku sikelo, asanapimidwe amayamba wakhala pansi pamodzi ndi anzake kuti namwino awaphunzitse za kuyamwitsa. Ena amabwerako akudandaula kuti dzuwa lawathera pa benchi, munda uli wosapalira, ndalama ya kabaza yapita, chonsecho zimene amva ndi zoti amayi awo akadawauza kunyumba. Amuna nawo amafunsa mwachipongwe kuti mbuzi idalowa sukulu iti kuti idziwe kuyamwitsa kamwana kake. Funsoli tisaliseke, pakuti pa yankho lake pagona moyo wa khanda.

Ife amene takhala zaka zambiri tikugwira choko tikudziwa kuti phunziro sililowa m'mutu pa tsiku la mayeso. Mayeso a mayi wa mimba yachisamba amafika usiku wachiwiri kapena wachitatu mwana atabadwa. Thupi latopa, tulo palibe, khanda likulira osaleka, ndipo m'bere mukungotuluka timadontho tachikasu. Pa ola limenelo mayi amene sadamvepo kanthu amangoti, "Ndilibe mkaka ine," ndipo wina m'nyumbamo amathamangira kapu ya madzi. Koma amene adakhala pa benchi paja amakumbukira kuti timadontho tija ndiwo mkaka woyamba, umene muli mphamvu yoteteza mwana ku matenda, ndi kuti kamimba ka mwana wa tsiku limodzi kamadzaza ndi kasupuni kamodzi kapena tiwiri. Amadziwanso kuti mkaka woyera umayamba kuchuluka pakatha masiku awiri kapena anayi, ndi kuti bere si mtsuko umene umaphwa ukatungidwa. Mwana akamayamwa kawirikawiri, usana ndi usiku, ndi pamene thupi la mayi limapanga wambiri. Mwana akakhutitsidwa ndi madzi kapena phala amayamwa pang'ono, mkaka numachepadi, ndipo chimene mayi ankachiopa chimasanduka choona.

Palinso nkhani ya kagwiridwe ka mwana, imene timaiona ngati yachibadwa pamene ili luso lamanja monga kugwira pensulo. Khanda liyenera kuyasamula kwambiri, chibwano chake chikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, ndipo lisayamwe nsonga yokha koma lilowetse m'kamwa mbali yaikulu ya pakuda pozungulira nsongayo. Likagwira nsonga yokha mayi amatuluka zilonda, mwana sakhuta, ndipo onse awiri amachezera kulira. Taonapo amayi achitsikana akusiya kuyamwitsa chifukwa cha ululu umene ukadatha ndi kungosintha kanyamulidwe ka mwana.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidakhazikitsa m'chaka cha 2001 langizo lakuti mwana ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, osalawa madzi ngakhale phala, kenaka apitirize kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo. Limalangizanso kuti mwana aikidwe kubere ola loyamba lisanathe chibadwire. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lathu wa mu 2010 adapeza kuti ana 71 mwa 100 alionse osakwana miyezi 6 ankayamwa mwakathithi, koma wa mu 2015 ndi 2016 adapeza 61 okha. Chinthu chikadakhala chachibadwa chabe, sichikadabwerera m'mbuyo chotere.

Tsono tisaganize kuti kulangiza mayi asanachire ndi mwambo wobwera ndi zipatala. Makolo athu adali ndi chisamba, pamene anamkungwi ankasonkhana kulangiza mtsikana wa mimba yoyamba za m'mene adzisungire ndi zimene adzakumane nazo m'chikuta. Mpingo nawo uli ndi alangizi ake, ndipo mtumwi Paulo m'kalata yake kwa Tito adapereka kwa amayi achikulire ntchito yophunzitsa amayi achitsikana za kusamala ana awo. Agogo athu adalondola pa zambiri. Mwana ankakhala kumsana kwa mayi wake, akalira ankapatsidwa bere pomwepo popanda kuyang'ana wotchi, ndipo sankamletsa kuyamwa asanayende ndi kulankhula. Mabuku a madokotala adachita kuwapeza pamenepo.

Komabe pa zina adaphonya, ndipo kutero si mwano. M'madera ambiri mkaka woyamba uja ankauyesa wonyansa, naufinyira pansi. Mwana wa miyezi iwiri akalira ankati wamva njala, nampatsa phala lamadzimadzi limene matumbo ake sadakhwimire. Nyengo yotentha ankamumwetsa madzi, pamene mkaka wa mayi pawokha mbali yake yaikulu ndi madzi, ndiponso ndi oyera kuposa a pachitsime chilichonse. Kutsekula m'mimba kumene kunkatsatirapo ankakunamizira mano kapena tsempho. Palinso zimene agogo sakadazidziwa konse. M'chaka cha 2011 dziko lathu lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachirombo ka HIV, kuti azimwa moyo wake wonse. Mayi wotere akamamwa mankhwalawo mokhulupirika amayamwitsa mwana wake, ndipo kwa iye kusakaniza bere ndi madzi kapena phala m'miyezi yoyambirira n'koopsa koposa. Zimenezi sadzazimva pa mtondo kapena pa mjigo.

Chotero tikuti maphunzirowa ndi oyenera tsiku limene amatidyera. Chimene chimatidetsa nkhawa n'chakuti wophunzira amapita yekha, pamene olamula pa mwanayo atsala kunyumba. Mtsikana wa zaka 19 angathe kuloweza zonse zimene namwino wanena, koma pakati pa usiku, apongozi kapena amayi ake akanena kuti mwanayu apatsidwe madzi, iye adzatsutsa bwanji munthu amene adalera ana asanu ndi awiri? Tidamlera tokha kuti asamayankhe akuluakulu. Kusukulu timaziona zomwezi: mwana timamphunzitsa kusamba m'manja, koma ngati kwawo sakuchita, phunzirolo limatsala m'kope. N'chifukwa chake agogo amene adzakhale m'chikuta ayenera kupita nawo ku sikelo ngakhale kamodzi, akamve ndi makutu awo, akafunse ndi kutsutsa ngati afuna. Mau a namwino akachokera pakamwa pa mpongozi amamveka ngati chipongwe, koma akawamva okha amawatenga kukhala nzeru zawo, ndipo palibe mlonda wa khanda woposa agogo amene akhutira.

Kwa abambo anzathu, makamaka anyamata amene tangowadalitsa maukwati, tili ndi mau olemerapo. Ena mumaperekeza akazi anu ku sikelo kuti angolandiridwa msanga, inu n'kukakhala pansi pa mtengo ndi lamya m'manja. Lowani mukamve. Mwana wakhanda amayamwa kasanu ndi katatu kapena kupitirira pa tsiku, ndipo mayi amene akuchita zimenezi sangathenso kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika ndi kupalira monga kale. Bambo amene wamva izi sadzanena kuti mkazi wake wayamba ulesi. Adzadziwanso kuwerenga matewera, pakuti mwana amene wadutsa masiku oyambirira ndipo akukodza kasanu ndi kamodzi pa tsiku, nakwera pa sikelo, ndiye kuti akukhuta ngakhale alire. Tikumbukire Elikana, amene adalola Hana kutsala kunyumba osapita ku Silo kufikira atamletsa Samueli kuyamwa.

Sitikunena kuti phunziro lililonse la ku sikelo ndi lokoma. Nthawi zina amayi amachuluka, namwino ali yekha, ndipo okhala kumbuyo amangomva nyimbo zokha. Kumva sikufanananso ndi kuchita, pakuti chidole chophunzitsira sichilira ndipo sichiluma. Tsono mayi asatuluke m'chipatala mzamba asanamuone akuyamwitsa ndi kumkonza pamene palakwika, ndipo bere likatupa, likafiira kapena thupi likatentha abwerere msanga osadikira tsiku la sikelo.

Mpingo nawo uli ndi mbali yake. Sabata yoyamba ya mwezi wa Ogasiti, kuyambira pa 1 kufikira pa 7, maiko ambiri amakumbukira za kuyamwitsa. Zipatala za mishoni monga Nkhoma, Mulanje ndi Ekwendeni ndi zathu zomwe, ndipo pafupifupi mumpingo uliwonse muli namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene timakhala naye pa Mgonero. Amayi a Chigwirizano angathe kumuitana pa msonkhano wawo wa sabata imeneyo, agogo akhale kutsogolo, oyembekezera pambuyo pawo. Ife akulu a mpingo tidzalengeza pa Sabata, ndipo tidzaitana ndi amuna omwe.